Khoma la Chigayo ndi Mwendo Wanga Wamanzere

Ndili Fomu 2 ndinachotsedwa m'timu ya mpira wamiyendo ya pasukulu pathu. Aphunzitsi a zamasewero sanachulutse gaga m'diwa. Pamaso pa anzanga onse anati, "Iwe uli ndi mwendo umodzi. Winawo ngwopalasira njinga basi." Ndinapsa mtima chifukwa kumudzi kwathu ndinali katswiri pa mpira wachikulunga. Komabe iwo ankanena zoona. Mpira ukandipeza kumanzere ndinkayamba ndauzungulira kuti ndiumenye ndi mwendo wamanja, ndipo pomwe ndinkamaliza kuzungulirako n'kuti mdani atautenga kale.

M'chimangirizo chino ndifotokoza mfundo imodzi yomwe ndinaitola pa manyazi a tsikulo, yoti kusewera magemu ambiri pakokha sikusula wosewera.

Tiyeni tiwerengetsere. Masewero amatenga mphindi 90 ndipo m'bwalo mumakhala osewera 22 olimbirana mpira umodzi. Titati tigawe nthawiyi mofanana, aliyense angapeze mphindi 4 zokha. Koma mpira umathanso nthawi yaitali uli kunja kwa bwalo, uli m'malere, kapena ukudikira wovulala kuti adzuke. Choncho nthawi yeniyeni imene mpira umakhala kuphazi kwa munthu mmodzi njochepa kwambiri. Kuwonjezera apo, pa gemu palibe amene amafuna kuchita manyazi, ndiye aliyense amathamangira mwendo womwe amaudalira. Ine ndinasewera zaka zambiri madzulo alionse, koma mwendo wamanzere unangokhala mlendo.

Mankhwala ake ndinawapeza kuseri kwa chigayo cha pamsika wakwathu. Kumeneko kunali khoma la njerwa zootcha, ndipo phokoso la injini linkabisa kugunda kwa mpira, motero panalibe wondithamangitsa. Khoma ndi mnzako wabwino: silitopa, siliseka, ndiponso silinama. Ukamenya mokhota, mpira umabwerera mokhota. Ndinkaima mamita 5 kuchokera pakhomapo n'kumenya ka 100 ndi mwendo wamanzere wokha. Pa mphindi 15 ndinkagunda mpira kambiri kuposa pa gemu yathunthu.

Sabata yoyamba inali yomvetsa chisoni. Mpira unkangothawira m'matchire. Pang'ono ndi pang'ono ndinazindikira kuti vuto silinali phazi lomenya lokha ayi, koma phazi loponda pansi. Phazi limeneli liyenera kukhala pambali pa mpira, zala zake zitaloza komwe ukufuna kuti mpirawo upite. Likatsalira m'mbuyo, thupi limapendekera chagada ndipo mpira umakwera m'mwamba. Mwendo wanga wamanja unazolowera kumenya, sunkadziwa ntchito yonyamula thupi. Chachiwiri ndi akakolo. Akakhala olobodoka mpira umafa usanafike, choncho ayenera kuuma pa nthawi yogunda, zala zitadzuka pang'ono, mpira n'kuugunda pakati ndi m'kati mwa phazi. Chachitatu, chomwe anyamata ambiri amachinyozera, ndi kulandira. Mpira ukamabwera phazi liyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono ngati mmene manja amachitira powakha dzira, kuti mpirawo usadumphe n'kuthawa.

Anthu akamakamba za chigoli chomwe Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ali patali mu Januwale 2022 ku Cameroon, kapena zigoli 20 zomwe Temwa Chawinga anamwetsa mu ligi ya ku America mu 2024, amakonda kunena kuti ndi mphatso yobadwa nayo. Sinditsutsa kuti mphatso ilipo. Chomwe ndimakana n'chakuti mawuwa asanduke pobisalira aulesi. Akuluakulu anati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Komatu khoma nalo lili ndi malire ake. Patatha miyezi 3 ndinkamenya bwino ndithu, koma nditabwerera pakati pa anzanga ndinapeza kuti ndazolowera kuweramitsa mutu. Khoma silikulanda mpira, ndiye silikuphunzitsa kuyang'ana. Ndinayamba kucheuka kaye paphewa mpira usanandifike, ndipo ndinkapempha mng'ono wanga kuti aziima kumbuyo kwanga atakweza zala, ine n'kutchula nambala yake ndisanalandire mpirawo. Kenaka tinkasewera atatuatatu pa kabwalo kakang'ono, pomwe munthu sungabisale. Lamlungu ndinkapuma, chifukwa nditayesa kuchita masiku onse ntchafu inandipweteka kwa sabata yathunthu.

Titatsegulira Fomu 3 ndinakayesanso mwayi. Aphunzitsi aja anandiika kotseka kumbuyo chakumanzere, mwina pofuna kundiyesa. Mpira woyamba unabwera wothamanga, ndinaulandira ndi phazi lamanzere n'kuupereka kwa wapakati ndi phazi lomwelo. Sanandiyamikire. Anangolemba kanthu m'kabuku kawo, kenaka anakuwa kuti, "Iwe, mutuwo dzutsa!"