Kuchoka pa Mac Kupita pa Windows

Zikomo achimwene chifukwa cha kalata yanu. Mwati Mac yanu yatopa, mukufuna laputopu ya Windows, koma m'thumba simuli bwino.

Pulogalamu yopangira nyimbo ya Logic Pro imene mwaizolowerayo siigwira ntchito pa Windows. Ndiye musanagulitse Mac ija, chonde, tulutsani nyimbo iliyonse mu WAV: ng'oma pazokha, besi payokha, mawu paokha. Mukapanda kutero, ntchito ya zaka zambiri itsekeredwa m'menemo.

M'malo mwa Logic Pro, ine ndikuti pa Windows tengani Reaper. Mumaiyesa kwaulere masiku 60, laisensi yake ndi madola 60, ndipo siilemetsa kompyuta. FL Studio ndi yabwino popanga mabiti, koma samalani: Fruity Edition, yotchipa ija, siijambula mawu. Inu pokhala woimba, ikusiyani padzuwa.