Foni Yatsopano, Kapena Matumba Khumi a Chimanga?

Ndalama za zokolola zikangoyamba kulowa m'manja mwa alimi, funso limodzi limabwera kawirikawiri m'kalasi mwathu ndi m'mauthenga a abale ndi alongo amene anatsiriza maphunziro awo pano: kodi ndisinthe foni? Ena ali ndi kafoni ka mabatani ndipo akulakalaka yamakono yokhudza pagalasi. Ena yamakonoyo ali nayo kale, koma aona ina yonyezimira m'sitolo, yawoyo n'kuyamba kuoneka yokalamba. Ife funsoli timaliyankha monga timayankhira munthu wofuna pulawo ina, pampu yothirira kapena ngolo. Timamufunsa kuti chida chimene ali nacho chikulephera ntchito iti, ndipo chatsopanocho chidzabweza liti ndalama imene chadya.

Mtengo wake powerengera matumba

Nambala yolembedwa pa foni m'sitolo sitiuza zambiri kufikira titaisandutsa chinthu chimene timadziwa kulemera kwake. Mu 2025 bungwe la Food Reserve Agency linkagula chimanga pa K340 thumba la makilogalamu 50. Tiyerekeze kuti foni imene mwaisirira ikugulitsidwa K3,400. Amenewo ndi matumba 10, theka la tani. Ngati munda wanu umatulutsa matani 2 pa hekitala, ndiye kuti foniyo yameza zokolola zonse za lima imodzi. Kugalauza, kubzala, kupalira kawiri, kukolola ndi kutonola, zonsezo zalowa m'thumba la malaya, ndipo apa sitinachotsepo ndalama ya mbewu ndi feteleza amene anathiridwa m'lima imeneyo.

Ife a kuno ku Kafue tili ndi chotikumbutsa pafupi. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia yakhala m'dera la mafakitale lino kuyambira 1970, ndipo ambiri a ife timaidutsa popita ku msika. Musanakwere minibasi yopita ku Lusaka kukaona mafoni, yambani mwafunsa mtengo wa thumba la D Compound ndi la Urea pa sabata imeneyo, muone kuti foniyo ikulingana ndi matumba angati a feteleza. Kenaka kambiranani ndi a kunyumba, pakuti ndalama ya zokolola inakhetsa thukuta la banja lonse.

Kugula ndi chiyambi chabe. Foni yamakono ili ngati ng'ombe ya mkaka, imene imafuna kudya tsiku ndi tsiku kaya yakamidwa kaya sinakamidwe. Imafuna mabandulo a intaneti, imafuna chikwama ndi galasi loteteza, ndipo imafuna moto pafupifupi tsiku lililonse. Sitinaiwale chaka cha 2024, pamene chilala chinalengezedwa kukhala tsoka la dziko pa 29 February, madzi n'kuchepa ku Kariba ndi mu mtsinje wa Kafue, magetsi n'kumazima maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku. Tinali pafupi ndi Kafue Gorge, koma tinakhala mumdima monga ena onse. M'miyezi imeneyo kafoni ka mabatani kankatha masiku angapo kasanafune kutchajidwa, pamene yamakono inkagona yozima pofika madzulo. Wopanda sola kunyumba awerengerenso ndalama yotchajitsa.

Zimene ya mabatani imakwanitsa kale

Ntchito zambiri zimene zimasunga munda wamoyo sizifuna intaneti. Kutumiza ndi kulandira ndalama pa Airtel Money kapena MTN Mobile Money kumatheka pongoyimba manambala ochepa. Mauthenga a FISP onena za zipangizo zaulimi amabwera pa SMS, ndipo chofunika pamenepo ndi chakuti nambala imene munalembetsa ikhale yamoyo ndi yolembedwa m'dzina lanu, mogwirizana ndi chitupa chanu cha NRC. Kufunsa mtengo wa bokosi la tomato ku Soweto Market musanabwereke galimoto kumangofuna kuyimbira munthu wokhulupirika amene ali komweko m'mamawa. Mlimi amene amalima chimanga ndi soya, n'kugulitsa kamodzi pa chaka, angathe kuyendetsa zonse bwinobwino ndi foni ya mabatani, ndipo asachite nayo manyazi.

Pamene yamakono imabweza ndalama zake

Pali ntchito ziwiri zimene foni yamakono imaposa nazo ya mabatani moonekeratu, ndipo zonse zimadalira chithunzi.

Yoyamba ndi kuzindikira matenda ndi tizilombo msanga. Mbozi za ntchemberezandonda za mtundu watsopano zinalowa m'dziko muno kumapeto kwa 2016, ndipo alimi ambiri anazisokoneza ndi kapuchi wa masiku onse kufikira chimanga chitaonongeka. Mlangizi wa zaulimi ndi mmodzi, midzi ndi yambiri, ndipo sangafike ku Chanyanya ndi ku Shimabala tsiku limodzi. Chithunzi cha tsamba lobooka, kapena cha zitosi za nkhuku zosintha mtundu, chikafika kwa mlangizi kapena kwa dokotala wa ziweto m'mawa, yankho lingabwere dzuwa lisanalowe. Palinso mapulogalamu opangidwira ntchito imeneyi, monga Nuru ya PlantVillage, imene imayang'ana tsamba kudzera pa kamera ndipo imagwira ntchito ngakhale popanda intaneti. Tikuchenjezani komabe kuti pulogalamu yotere imangolozera njira. Musagule mankhwala musanatsimikize ndi mlangizi.

Yachiwiri ndi malonda. Woweta nkhuku za nyama amadziwa kuti zikakwana masabata asanu ndi limodzi, tsiku lililonse lowonjezera zimadya phindu lake. Akaika zithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook, ogula a ku Kafue Estates ndi a ku Lusaka amasungitsa nkhuku zisanatuluke m'khola. Chimodzimodzi wolima repu, tomato ndi anyezi m'dimba. Kwa mlimi wotere, amene amagulitsa mwezi ndi mwezi, kuchoka pa ya mabatani kupita pa yamakono kawirikawiri n'kwanzeru, ndipo timamulimbikitsa.

Kuchoka pa yamakono imene ikugwira ntchito kupita pa ina yatsopano ndi nkhani ina, ndipo apa m'pamene ndalama zambiri zimatayika. Wogulitsa adzakuuzani za 5G. Zoonadi MTN inayambitsa 5G m'dziko muno mu November 2022, koma inayambira m'mizinda ikuluikulu monga Lusaka, Kitwe ndi Ndola, ndipo chithunzi cha tsamba la chimanga chimafika bwino lomwe pa 4G. Adzakuuzaninso za kamera ya mamegapikiseli ochuluka. Dziwani kuti WhatsApp imachepetsa kukula kwa chithunzi isanachitumize, kotero kuti mlangizi sadzaona kusiyana kwenikweni. Chithunzi chabwino chimafuna kuwala kokwanira, dzanja losanjenjemera ndi kupukuta diso la kamera. Ndipo pa banja limodzi, kapena pa gulu laling'ono la alimi oyandikana, foni yamakono imodzi ingakwanire ntchito ya zithunzi.

Musanaitaye yakaleyo

Madandaulo ambiri amene timamva ali ndi mankhwala otsika mtengo. Foni ikamachedwa ndi kuima-ima, nthawi zambiri imakhala yadzaza ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp amene amadzitsitsa okha. Letsani kudzitsitsako, fufutani zosafunika, ikani memori kadi, ndipo mudzaona kusintha. Ikamakana kutchaja, yang'anani kabowo kolowetsa chingwe, pakuti fumbi la m'munda ndi mankhusu zimaunjikana mmenemo. Yesaninso chingwe china musanaiweruze. Ikamatha moto msanga, ndiye kuti batire lakalamba, monga mabatire onse a mtundu umenewu amachitira pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, makamaka ngati foni imasiyidwa padzuwa pamzera mwini wake akupalira. Kusintha batire kapena galasi losweka kumadya gawo lochepa la mtengo wa foni yatsopano. Batire likatupa mpaka kukankha chivundikiro, musalitchajenso, chifukwa lingayake.

Ilipo nthawi imene foni imakhala yathadi. Mwachitsanzo, kuyambira October 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni a Android yakale yosafika pa 5.0, ndipo malire oterewa amakwera pakapita zaka. Foni ikakana mapulogalamu amene mumagulitsira katundu, kapena ikafuna kukonzedwa kachitatu pa vuto lomwelo, kuisintha si kuwononga.

Za kutenga pangongole

Masiku ano kuli malonda otenga foni mutalipira pang'ono, zotsalazo n'kumalipira tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata. Mukaphonya, foniyo imadzitseka yokha kufikira mutalipira. Kandalama ka tsiku limodzi kamamveka kochepa, ndipo n'chifukwa chake ogulitsa amatchula ikako. Inu tengani pensulo. Tiyerekeze kuti foni ya K3,400 ija akuti mupereke K600 poyamba, kenaka K12 tsiku lililonse kwa chaka. K12 kuchulukitsa ndi masiku 365 ndi K4,380. Kuphatikiza K600 ija zikwana K4,980. Matumba 10 aja asanduka pafupifupi 15.

Koma vuto lalikulu kwa ife ndi nthawi yolipira. Anansi athu ogwira ntchito ku fakitale ya zitsulo kapena ya feteleza amalandira malipiro mwezi uliwonse, ndipo ngongole yotere imayenda limodzi ndi malipiro awowo. Mlimi wa chimanga amalandira kamodzi pa chaka. Mu August K12 ndi yopepuka. Mu January ndi February, pamene ufa watha, aganyu opalira akudikira pakhomo ndipo feteleza wobereketsa akufunika, K12 yomweyo imasowa, foni n'kudzitseka pa nthawi imene mbozi zalowa m'munda ndipo mukufuna kutumiza chithunzi kwa mlangizi. Ena amafika pogulitsa thumba la feteleza kuti foni itseguke. Uphungu wathu ndi wakuti amene alibe malonda olowetsa ndalama sabata iliyonse asatenge foni mwa njira imeneyi. Adikire zokolola, apatule kaye ndalama ya mbewu, feteleza, chopereka cha FISP ndi chakudya chofika pa zokolola zina, ndipo agule ndi zotsalazo polipira kamodzi.

Ngati mwatsimikiza zogula

Funani zinthu zothandiza kumunda: 4G, batire lalikulu la 5,000 mAh kapena kuyandikira pamenepo, malo osungira zinthu osachepera 64 GB, ndi malo a makadi awiri a SIM kuti netiweki ina ikasowa mugwiritse ntchito inayo. Samalani ndi zolembedwa pa bokosi monga RAM ya 4+4 GB. Yeniyeni ndi nambala yoyambayo, inayo imabwerekedwa ku malo osungira zinthu ndipo siithamanga mofanana. Sankhani mtundu umene okonza mafoni a kuno ali ndi zipangizo zake. Mafoni a itel, Tecno ndi Infinix, amene onse amapangidwa ndi kampani imodzi ya ku China yotchedwa Transsion, ndi ofala m'misika yathu, ndipo a Samsung nawonso sasowa magalasi ndi mabatire.

Pogula, imbani *#06# kuti nambala ya IMEI ioneke, muifananitse ndi ya pa bokosi, ndipo musachoke popanda lisiti. Ngati ndi yogwiritsidwa kale ntchito, mwini wake achotse akaunti yake ya Google inu mukuona, chifukwa ikatsalamo foniyo ingakukaneni mukaifufuta. Yotsika mtengo modabwitsa, yopanda bokosi ndi lisiti, isiyeni; ingakhale yobedwa, ndipo apolisi adzaipeza m'manja mwanu.

Mukamasamutsira WhatsApp pa foni yatsopano mudzalandira nambala yachinsinsi pa SMS. Musaiuze munthu aliyense, ngakhale woyimba akudzitcha wa ku kampani ya mafoni, ndipo PIN ya ndalama zanu musailembe mufoni. Kafoni ka mabatani kaja musakapereke msanga kwa ana. Ikanimo SIM ya ndalama ndi ya FISP, muzipita nako kumunda ndi kumsika, yatsopanoyo izituluka pamene pali chojambula.

Kwa amene muli pa maphunziro tsopano, nayi ntchito ya sabata ino. Kwa masiku asanu ndi awiri lembani m'kope lanu chilichonse chimene mwachita ndi foni, ndalama ya mabandulo ndi yotchajitsa imene yatuluka, ndipo ikani chizindikiro pa zimene zinakhudza munda, khola kapena malonda. Bwerani nalo kopelo pa phunziro la kasungidwe ka mabuku a pafamu, pamodzi ndi mtengo wa foni imene mukuifuna ndi wa feteleza wa sabata imeneyo, tidzawerengere limodzi pa bolodi.