N'chifukwa Chiyani Injini Imanjenjemera Galimoto Itaima?

Anzanga, galimoto ikaima injini ili chilirire, injiniyo imayenera kulira mosadukiza, ikuzungulira maulendo apakati pa 600 ndi 1,000 pa mphindi imodzi. Ikayamba kunjenjemera, kutsokomola kapena kufuna kuzima, dziwani kuti china chake chavuta.

Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu: mpweya, mafuta ndi moto. Galamu imodzi ya petulo imafuna magalamu 14.7 a mpweya kuti iyake bwino. Muyezo umenewu ukasokonekera, kapena moto ukafooka, injini siingalire bwino. Nazi zifukwa zinayi.

Choyamba ndi mapulagi. Akaperepeseka kapena kuda ndi mwaye, sathetheka moto wokwanira. Pulagi imodzi ikafa mu injini ya masilinda anayi, atatu okha ndiwo amagwira ntchito, ndipo injini imatsimphina.

Chachiwiri ndi fyuluta ya mpweya. Fumbi la m'misewu yathu, makamaka m'chilimwe, limaitseka. Mpweya umachepa, petulo n'kumachuluka.

Chachitatu ndi zinyalala kapena madzi mu petulo. Zinyalala zimatseka timabowo ta kabureta m'galimoto zakale, kapena mainjekita m'galimoto za masiku ano, pomwe madzi sayaka konse.

Chachinayi ndi timapaipi ta labala. Tikang'aluka, mpweya wopitirira muyezo umalowera pamng'alupo, ndipo nthawi zina mumamva kamluzu.

Musanyozere zizindikirozi. Petulo wosayaka ndi ndalama zotayika, ndipo galimoto ikhoza kuzima pamphambano, magalimoto ena akubwera. Mukapanda kupeza vuto, pitani kwa makaniko msanga. Paja safunsa anadya phula.