Yankho kwa mayi a ku Chongoni

Talandira kalata yochokera ku Chongoni, m'boma la Dedza. Mayiwa akudandaula kuti mabasi akuluakulu amangowadutsa pa M1, ndipo minibasi ikawatsitsa panjira asanafike ku Lilongwe, sadziwa kokadandaula. Mayi a ku Chongoni, nkhawa yanu ndi yomveka. Chigwereni Shire Bus Lines, basi yosunga nthawi yasowa m'madera ngati anuwo. Ena amati okwera ndi ochepa, basi singapindule. Koma taonani matumba a kachewere pa Linthipe, ophunzira a koleji ya zankhalango, ndi alendo odzaona zojambula zapamiyala zimene UNESCO inazizindikira mu 2006. Anthu alipo, akusowa basi yodziwika nthawi yake. Pa nkhani ya minibasi, inu nonse mukakwera muzipempha tikiti ndi kulemba nambala ya galimoto, chifukwa apolisi apamsewu amavutika kutsatira dandaulo lopanda zimenezi.