LACISANU, LOWERUKA NDI LAMULUNGU: PHUNZIRO LA ANA ATATU A ABRAHAMU

Munthu akatsegula buku lino la masiku nayang'ana mlungu uli wonse, adzapeza masiku atatu otsatana amene ali ndi eni ace. Lacisanu masana Asilamu asonkhana mu mzikiti kukapemphera. Kuyambira Lacisanu dzuwa litalowa kufikira Loweruka madzulo Ayuda asunga Sabata lao. Ndipo Lamulungu mamawa ife Akristu timva belu, tinyamula mabuku athu ndi kupita ku nyumba ya Mulungu. Ngakhale zaka sitiziwerenga mofanana ai. M'mwezi wa June 2025 Asilamu analowa caka cao ca 1447, ndipo m'mwezi wa September caka comweco Ayuda analowa caka cao ca 5786. Ayuda ayamba kuwerenga pa kulengedwa kwa dziko monga anawerengera aphunzitsi ao akale, Asilamu ayamba pa ulendo wa Muhammad wocoka ku Mecca, ndipo ife tiyamba pa kubadwa kwa Yesu Kristu.

Nkhani iyi si ya kutali, abale. Asilamu ndi anansi athu. Tigula mcere ndi nsaru m'masitolo ao ku Chipata, Katete ndi Petauke, ana athu aphunzira nao sukulu imodzi, ndipo m'midzi yina mabanja akwatirana. Tsono Mkristu akafunsidwa kuti, "Kodi Mulungu sali mmodzi? Nanga tisiyana pati?" kawirikawiri akhala cete ndi manyazi, kapena ayankha ndi mnyozo. Zonse ziwiri zicokera m'kusadziwa. Akulu anati safunsa anadya phula. Cifukwa cace tiyeni tifunse bwino za ciyambi ca zipembedzo zitatu izi ndi ciphunzitso cace.

Tsinde limodzi

Zipembedzo zitatuzi zichula kholo limodzi, ndiye Abrahamu. Buku la Genesis litiuza kuti anacokera ku Uri, m'dziko limene lero lichedwa Iraq, nakhala ku Harana, kufikira Mulungu anamuitana kuti apite ku Kanani. Anamlonjeza dziko, mbeu yocuruka, ndi dalitso lofikira mitundu yonse ya anthu. Abrahamu anabala Ismayeli mwa Hagara, mdzakazi wa ku Aigupto, ndipo atakalamba ndithu anabala Isake mwa Sara mkazi wace. Isake anabala Yakobo, amene anachedwa Israyeli.

Ayuda adziyesa ana a Abrahamu mwa Isake. Asilamu amchula Ibrahim, naphunzitsa kuti Aluya anacokera mwa Ismayeli, ndi kuti atate ndi mwanayo anamanga nyumba yopatulika ya Ka'ba ku Mecca. Ife Akristu tili ana ace mwa cikhulupiriro, monga Paulo afotokoza pa Aroma 4 ndi Agalatiya 3. Tisaiwalenso kuti Mulungu sanamtaye Ismayeli. Pa Genesis 21 timva kuti anamva kulira kwa mnyamatayo m'cipululu, naonetsa amace citsime, nalonjeza kumyesa mtundu waukuru.

Ayuda, eni Loweruka

Cipembedzo ca Ayuda ndico cacikuru msinkhu. Maziko ace ndi pangano: Mulungu anaturutsa Aisrayeli mu ukapolo ku Aigupto ndi dzanja la Mose, nawapatsa cilamulo pa phiri la Sinai. Mabuku asanu a Mose awachula Torah, ndipo palibe cuma cina acilemekeza koposa. Sabata ndi cizindikiro ca pangano limenelo, pakuti likumbutsa Mlengi amene anapumula tsiku lacisanu ndi ciwiri, likumbutsanso kuti iwo amene anali akapolo anamasulidwa.

Solomo anamanga Kacisi ku Yerusalemu, kumene ansembe anapereka nsembe tsiku ndi tsiku. Ababulo anampasula zaka 586 Kristu asanabadwe. Obwera ku ndende anamanga waciwiri, koma Aroma, motsogozedwa ndi Titus, anamtentha m'caka ca 70. Kuyambira pamenepo nsembe za nyama zinaleka kufikira lero. Aphunzitsi ao ochedwa Rabi anaphunzitsa kuti kupemphera, kulapa, kuphunzira cilamulo ndi kucitira aumphawi cifundo zidzalowa m'malo a nsembe. Ziphunzitso zao zinasonkhanitsidwa m'buku la Mishnah pafupi ndi caka ca 200, ndipo pambuyo pace mu Talmud. Motero Ciyuda cinakhala cipembedzo ca sunagoge ndi ca pa banja. Ana aamuna adulidwa tsiku lacisanu ndi citatu, Paskha adyedwa m'nyumba, ndipo pa Tsiku la Citetezero asala cakudya ndi madzi. Ayuda osunga mwambo wa makolo ayembekezabe Mesiya wa mbumba ya Davide, mfumu yodzetsa mtendere pa dziko, ndipo sabvomereza kuti Yesu ndiye ameneyo.

Mtundu uwu waona mabvuto osaneneka, ndipo ambiri a mabvutowo anadza ndi manja a anthu odzichula Akristu. Pa nkhondo ya 1939 kufikira 1945 boma la Hitler linapha Ayuda mamiliyoni 6. Dziko la Israel linakhazikitsidwa mu 1948. Kuno kwathu Ayuda sanacuruke, koma amalonda ena a iwo anakhala ku Livingstone, namanga sunagoge komweko mu 1928.

Akristu, eni Lamulungu

Mkristu wonyoza Myuda adula nthambi imene akhalapo. Ambuye Yesu anabadwa Myuda, anadulidwa tsiku lacisanu ndi citatu, anaphunzitsa m'masunagoge, nadya Paskha. Atumwi onse anali Ayuda, ndipo Cipangano Cakale cimene tiwerenga tinalandira kwa iwo. Yesu anapacikidwa masiku a Pontio Pilato, amene analamula Yudeya kuyambira caka ca 26 kufikira 36, nauka kwa akufa tsiku loyamba la mlungu. Ici ndi cifukwa cace tisonkhana Lamulungu. Ngakhale ambiri a ife tazolowera kulichula Sabata, ili ndi tsiku la kuuka kwa Ambuye, losiyana ndi Sabata la Mose.

Mzimu Woyera atatsika pa Pentekoste, Uthenga unafalikira, ndipo ku Antiokeya okhulupirira anayamba kuchedwa Akristu. Pamenepo panauka mlandu waukuru: kodi wa mtundu wina ayambe wasanduka Myuda asanalowe mu Eklesia? Msonkhano wa ku Yerusalemu, umene tiwerenga pa Macitidwe 15, unaweruza kuti iai, munthu apulumuka ndi cisomo. Pa khomo limenelo tinalowa ifenso Acewa, Angoni, Ansenga ndi Akunda. Mboni za atumwi zinalembedwa m'mabuku 27 a Cipangano Catsopano, ndipo pa msonkhano wa ku Nicaea m'caka ca 325 Eklesia anabvomereza poyera kuti Mwana ali Mulungu weniweni pamodzi ndi Atate. Wonena kuti Cikristu ndi ca Azungu alakwa, pakuti ku Aigupto kunali Akristu kuyambira masiku akale ndithu, ndipo mfumu Ezana ya ku Ethiopia inatembenuka m'zaka za m'ma 300. Kuno kum'mawa kwa Zambia Uthenga unacedwa, nufika ku Magwero mu 1899.

Asilamu, eni Lacisanu

Muhammad anabadwa ku Mecca m'dziko la Arabia pafupi ndi caka ca 570. Anakula wamasiye, nagwira nchito ya malonda, nakwatira Khadija, mkazi wamasiye wa cuma. Anthu a mtundu wace anapembedza mafano ambiri. Pofika zaka 40, ali m'phanga la Hira, anamva mau amene Asilamu akhulupirira kuti anadza ndi mngelo Gabrieli. Anayamba kulalikira kuti Mulungu ndi mmodzi, kuti mafano ndi acabe, ndi kuti lilinkudza tsiku la ciweruzo. Akuru a mudzi anamuda, ndipo pafupi ndi caka ca 615 otsatira ace ena anathawira ku Ethiopia, kumene mfumu ya Cikristu inawalandira ndi kuwasunga. Mu 622 iye mwini anasamukira ku Medina, ndipo ulendo umenewo, wochedwa Hijra, ndiwo ciyambi ca zaka zao. Caka cao citsata mwezi, cili ndi masiku 354 kapena 355, ndico cifukwa mwezi wa Ramadan ufika nthawi yina m'dzinja, nthawi yina m'cirimwe. Ku Medina Muhammad anakhala mphunzitsi, woweruza ndi mtsogoleri wa nkhondo. Analowa mu Mecca mu 630, nacotsa mafano mu Ka'ba, namwalira mu 632.

Buku lao, Korani, lili ndi mitu 114 m'Ciarabu. Dzina lakuti Islam litanthauza kugonjera Mulungu, ndipo liu lakuti Allah ndilo Mulungu m'Ciarabu. Akristu a kumeneko alichulanso popemphera. Msilamu ali ndi nsanamira zisanu: kubvomereza kuti Mulungu ndi mmodzi ndi kuti Muhammad ndi mtumiki wace, kupemphera kasanu pa tsiku, kupereka gawo la cuma kwa osauka, kusala m'mwezi wa Ramadan kuyambira mbandakuca kufikira kulowa kwa dzuwa, ndi kupita ku Mecca kamodzi pa moyo ngati akhoza. Lacisanu ndi tsiku la pemphero la msonkhano, koma nchito siiletsedwa tsiku lonse monga pa Sabata la Ayuda.

Cisilamu cinafika m'maiko ano ndi amalonda a ku gombe la nyanja yamcere. Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota pafupi ndi 1840, mafumu ena a Ayao anacilandira m'zaka zotsatira, ndipo amalonda a ku India anadza naco ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata.

Pamene tigwirizana, ndi pamene tisiyana

Zogwirizana ziripo, ndipo si zazing'ono. Onse atatu abvomereza Mulungu mmodzi, Mlengi wa kumwamba ndi dziko lapansi. Onse akana mafano ndi kuombeza maula. Onse aphunzitsa kuti Mulungu analankhula mwa aneneri, kuti asamalira amasiye ndi osauka, ndi kuti adzaweruza anthu onse. Asilamu alemekezanso Yesu, amene amchula Isa. Abvomereza kuti anabadwa mwa namwali Mariya, kuti anaciritsa akhungu ndi akhate, ndipo mutu 19 wa Korani uchedwa dzina la Mariya.

Koma kuti tione kusiyana kwenikweni, tikwere phiri limene Abrahamu anakwera ndi mwana wace, monga tiwerenga pa Genesis 22. Onse atatu asunga nkhani imeneyi. Baibulo linena kuti mwanayo anali Isake. Asilamu ambiri ati anali Ismayeli, ngakhale Korani pa mutu 37 sachula dzina la mwana wopita naye kukaperekedwayo. Onse abvomereza kuti mwanayo sanaphedwe, cifukwa Mulungu anapereka nsembe yina m'malo mwace. Ayuda awerenga nkhaniyi pa caka cao catsopano naomba lipenga la nyanga ya nkhosa, kupempha Mulungu akumbukire kukhulupirika kwa makolo ao. Asilamu apha nkhosa, mbuzi kapena ng'ombe pa cikondwerero ca Eid al-Adha, nagawira osauka nyama, kukumbukira kugonjera kwa Ibrahim. Ife tiyang'anitsa nkhosa ija yogwidwa m'ciyangoyango, ndi kuona m'menemo cithunzi ca Mwanawankhosa amene Mulungu anadzampereka, ndiye Mwana wace wa Iye yekha.

Apa ndipo njira zipatukana. Myuda abvomereza kuti Yesu anafa pa mtanda, koma akana kuti ndiye Mesiya ndi kuti anauka. Msilamu amchula Mesiya ndi mneneri wamkuru, koma akana kuti ndi Mwana wa Mulungu, ndipo mutu 4 wa Korani uphunzitsa kuti sanaphedwe kapena kupacikidwa. Mkristu abvomereza kuti anafa cifukwa ca macimo athu, nauka, ndi kuti Iye ndi Ambuye. Myuda ndi Msilamu adziwa kuti Mulungu ndi wacifundo, namfunafuna mwa kulapa ndi kumvera. Ife tiphunzitsa kuti ucimo ndi nthenda ya mumtima imene kumvera kwathu sikukhoza kuiciza, ndipo kuti Mulungu mwini anatsika kudzasenza mlandu wathu. Tikachula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera sitinena milungu itatu, ndipo tikati Mwana wa Mulungu sitinena kuti Mulungu anakwatira. Mnansi wathu ayenera kumva zimenezi momveka pakamwa pathu.

Tikhale nao bwanji?

Coyamba, tisanamizire mnzathu. Osanena kuti Asilamu apembedza Muhammad kapena mwezi, pakuti si zoona, ndipo lamulo loletsa umboni wonama likhudza iwonso. Caciwiri, tiwalandire ndi ulemu. Mwambo wa m'midzi yambiri wopempha Msilamu kuti azinge mbuzi pa maliro kapena pa ukwati, kuti onse adye pamodzi, ndi mwambo wokoma. Cacitatu, anyamata ndi atsikana asalowe m'banja ndi maso otseka. Malamulo a Cisilamu alola mwamuna kukwatira mkazi wa Cikristu, koma ana ayesedwa a cipembedzo ca atate, ndipo mkazi wa Cisilamu saloledwa kukwatiwa ndi Mkristu. Ankhoswe ndi akulu a mpingo akambe zimenezi cinkhoswe cisanacitike, mlandu usadzauke mwana atabadwa. Cacinai, tisacite manyazi ndi mtanda. Wonena kuti zipembedzo zonse ndi cimodzimodzi salemekeza Msilamu kapena Myuda, pakuti iwo eni adziwa kuti tisiyana. Petro pa kalata wace woyamba, mutu 3, atilangiza kukhala okonzeka kuyankha otifunsa, ndi kutero mofatsa.

Pa Genesis 25 tiwerenga kuti Abrahamu atamwalira, Isake ndi Ismayeli anamuika pamodzi m'phanga la Makipela. Anali atalekana zaka zambiri, koma cibale ndi fupa, siciola. Mnansi wanu wopita ku mzikiti Lacisanu akaona cifundo ndi coonadi pa khomo panu masiku onse a mlungu, adzafuna kumva cimene mupitira ku nyumba ya Mulungu Lamulungu.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa pakati pa mlungu

1. Cifukwa ninji Akristu asonkhana tsiku loyamba la mlungu?
2. Chulani zinthu zitatu zimene Ayuda, Akristu ndi Asilamu abvomerezana.
3. Nkhosa ya pa Genesis 22 itiphunzitsa ciani za Ambuye Yesu?
4. Msilamu akati Akristu apembedza milungu itatu, mudzamyankha bwanji?