Mbale ya M'bale Wathu Wosatha Kuyenda

Inu aphunzitsi, ndi inu akhristu a m'miphakati amene mumayendera odwala, phunziro ili nlanu. Tonse tidakula tikuopa njala, chotero tikalowa m'nyumba ya wodwala funso lathu loyamba limakhala lakuti: kodi akudya? Funsolo nlabwino ndithu. Koma m'nyumba zambiri za muno mu Blantyre muli vuto lina limene sitilitchula, chifukwa m'maso mwathu limaoneka ngati mwayi. Munthu amene adaleka kuyenda alikunenepa mwezi ndi mwezi, ndipo kunenepako kulikumtsekera njira yoti adzaimenso.

Tiyerekeze bambo wina wa ku Ndirande. Zaka zambiri ankatsika wapansi m'mawa uliwonse kukagwira ntchito ku Makata, madzulo nkukweranso phiri. Akafika kunyumba ankadya mitanda itatu ya nsima, ndipo thupi lake silinkasintha. Tsiku lina adagwa ndi sitiroko, mbali ya kumanja nkufa. Atatuluka ku Gulupu, mai a kunyumba, mwa chikondi chawo, adapitiriza kupakula mitanda itatu yomweyo, naonjezanso mandasi pa tiyi kuti mphamvu zibwerere. Abale, anzake a kuntchito ndi a kutchalitchi onse ankafika ndi mabotolo a zozizira ndi masikono. Chaka chisanathe, mai aja ndi mwana wawo analikulephera kumnyamula popita kukasamba, ndipo chikuku chimene adalandira chidayamba kumthina m'chiuno. Palibe amene adamchitira choipa. Onse ankafuna kuti achire.

Anthu otere si owerengeka ai. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa Amalawi khumi aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali wina, ndipo mwa aulumaliwo oposa mmodzi mwa anayi amavutika kuyenda. Alipo amene adapuwala ndi poliyo ali ana, alipo othyoka msana pa ngozi za galimoto ndi za kabaza, odulidwa mwendo chifukwa cha shuga, ndiponso agogo amene maondo adawakana. Tsono taganizani za tinjira ta ku Bangwe, ku Chilobwe kapena ku Mbayani, ta miyala ndi totsetsereka. Chikuku sichidutsamo. Munthu wotere dziko lake limangokhala chipinda ndi khonde.

Nanga munthu anenepa bwanji osaonjeza kudya?

Thupi lili ngati mbaula imene siizima. Ngakhale tili m'tulo, mtima ukugunda, mapapu akupuma, ubongo ukugwira ntchito, ndipo zimenezi zokha zimatha pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu imene timapeza m'chakudya. Gawo lotsalalo limapita pa kuyenda ndi pa ntchito. Munthu akakhala pansi, gawo limeneli limachepa kwambiri. Koma palinso china: minofu ya m'miyendo ndiyo yaikulu koposa m'thupi, ndipo ikaleka ntchito imafota, kotero kuti ngakhale moto uja wa pogona umacheperako. Makala akachuluka pa mbaula yaing'ono, otsalawo thupi siliwataya. Limawasunga ngati mafuta, makamaka pamimba. Sipasowekanso phwando kuti zitero: ndasi limodzi loposera tsiku ndi tsiku likwanira kuonjeza makilo angapo pa chaka.

Kilo iliyonse yoposera ili ndi woisenza. Bondo lodwala limamva kulemera kwake kanayi pa phazi lililonse limene munthu aponda. Woyenda pa chikuku amaisenza ndi mapewa pamene achoka pakama kupita pampando, ndipo mapewa akatha ndiye kuti miyendo yake yachiwiri yatha. Wosamalira amaisenza ndi msana wake. Pamwamba pa izi pali kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 adasonyeza kuti mwa akulu atatu aliwonse m'Malawi muno mmodzi anali ndi kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa. Amene adagwapo kale ndi sitiroko ali pafupi kugwanso ngati magazi sasamalidwa.

Amene agwira chipande

Munthu wa miyendo yake akafuna kuchepetsa thupi timamuuza kuti ayende. Uyu sitingamuuze chomwecho. Kwa iye nkhani yaikulu ili pa mbale, ndipo mbaleyo siili m'manja mwake. Sapita kumsika, saphika, sapakula. Amadya chimene chafika, ndipo mwambo wathu sulola kubweza chakudya chimene mkazi wako kapena mlendo wakupatsa. Nchifukwa chake kulalatira wodwala kuti adziletse nkulakwira munthu. Mau athu apite choyamba kwa amene agwira chipande.

A zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za nyama ndi nsomba, za nyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Wosatha kuyenda asowa onsewo monga wina aliyense. Chosintha ndi muyeso wokha. Pa chakudya chonse cha nthawi imodzi, theka likhale masamba. Theka lotsalalo mulidule pawiri: mbali ina nsima, mbali ina nyemba, nandolo, khobwe, usipa, matemba kapena dzira. Nsimayo ikhale ngati chibakera cha mwini wake. Ndidziwa kuti ena aseka pomva zimenezi, pakuti kwathu kuno ndiwo ndizo zimaperekeza nsima, osati nsima kuperekeza ndiwo. Musadule zonse tsiku limodzi. Amene adazolowera mitanda itatu adye iwiri kwa milungu iwiri kapena itatu, masamba nkuchuluka pa malo a mtanda wachokawo, kenaka muchepetsenso. Mimba imazolowera, malinga isakhale yopanda kanthu.

Za ufa ndinenepo pang'ono. Ambiri timanyoza mgaiwa kuti ndi nsima ya kusukulu yogonera ndi ya kundende. Komatu gaga amene timataya pokonola ndiye mankhwala a kudzimbidwa, vuto limene limazunza pafupifupi aliyense wokhala pansi tsiku lonse, ndipo mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Ngati wodwala aukana, sakanizani ndi woyera pang'ono kufikira atazolowera. M'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro pang'ono, kapena mbatata yophika imodzi, zimposa buledi woyera wopaka majarini.

Masamba sasowa muno mu mzinda: nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, mpiru, therere, khwanya. Chowaononga ndi kaphikidwe. Soda amapha mavitamini, ndipo ndi mchere winanso wobisika. Mafuta ndiwo onenepetsa koposa, pakuti mphamvu yake iposa kawiri ya ufa wolemera chimodzimodzi. Muziyesa ndi sipuni, osangopendeketsa botolo pa mphika. Nsomba muiphike kapena muiotche m'malo mokazinga, ndipo tchipisi ya pachiwaya ikhale ya mwa apo ndi apo. Mchere, a WHO amati usafike magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera pamodzi ndi umene uli kale mu buledi ndi m'tizokometsera ta m'mapepala. Wopakula asaikenso mchere wina pambali pa mbale.

Wina adzati zonsezi nza anthu a ndalama. Iai. Mafuta ndi shuga ndizo zimatha ndalama m'nyumba, ndipo pano tikuti zichepe. Ndiponso matumba awiri kapena zidebe zobooka zodzaza dothi pakhonde zimabala mpiru wokwanira, ndipo wodwalayo angathe kuthirira yekha ali chikhalire.

Mphatso za alendo

Apa tidziyang'ane tokha. Botolo limodzi laling'ono la chakumwa cha shuga lingakhale ndi masipuni aang'ono a shuga okwana 8. Malangizo a WHO a mu 2015 amati munthu wamkulu asapyole masipuni 12 pa tsiku lonse, ndipo nkwabwino koposa akalekeza pa 6. Onjezani masipuni atatu a m'kapu ya tiyi, m'mawa ndi madzulo, ndi thobwa lothira shuga masana. Mphakati ukabwera Lachinayi, a kwaya Loweruka, achibale Lamulungu, aliyense ndi botolo lake, munthu wa matenda a shuga tamuthira chiyani? Chakumwa chotere sichikhutitsa konse. Munthu amwa, nadyanso monga mwa masiku onse.

Sindikuti tipite chimanjamanja. Tengani magwafa, papaya, manachesi, mazira, kambale ka nyemba, mulu wa usipa, kapena sopo ndi mafuta odzola, zimene nyumba ya wodwala imasowa nthawi zonse. Gwirizanani pa msonkhano wa mphakati musanapite, kuti pasakhale wochita manyazi kuti mphatso yake njonyozeka.

Kuchepetsa si kumana

Mau awa agwireni bwino, pakuti pali ngozi inanso kumbali inayo. Wosamalira wina akamva phunziro lotere angayambe kumana wodwala chakudya, ndipo chimene chimayamba kutha pamenepo ndi minofu, imene ili kale yochepa. Khungu la munthu wosadya zomanga thupi limaboka msanga pa matako, m'chiuno ndi pa zidendene, ndipo zilonda za pogonera zapha anthu ambiri amene nthenda yawo yoyamba idawasiya amoyo. Amene ali kale ndi chilonda chotere, ino si nthawi yake yochepetsa thupi; asowa mazira, nsomba, nyemba ndi mkaka kuti chilonda chipole. Wosatha kutembenuka yekha mumtembenuze pa maola awiri aliwonse.

Amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi a shuga asadumphe chakudya, ndipo asachepetse nsima asanauze a kuchipatala, chifukwa shuga angatsike mwadzidzidzi, munthu nkutuluka thukuta, kunjenjemera ndi kukomoka. Wa sitiroko adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono; ngati atsamwa kapena kukhosomola pomeza, kaoneni dokotala msanga. Ndipo munthu akayamba kuonda yekha popanda chimene mwasintha pa mbale, musakondwere. Chingakhale chifuwa chachikulu, shuga, khansa kapena HIV, ndipo ayenera kupimidwa.

Chilipo china chimene odwala sanena. Ambiri amakana madzi dala, poopa kuvutitsa anthu ndi kuwaperekeza kuchimbudzi kapena poopa kunyowetsa zofunda. Zotsatira zake ndi kudzimbidwa ndi matenda a m'chikhodzodzo. Afunika madzi okwana ngati malita awiri pa tsiku, pokhapokha dokotala atawaletsa chifukwa cha mtima kapena impso. Wosamalira azifunsa yekha za kuchimbudzi, kuti wodwala asachite kupempha nthawi zonse.

Chiwalo chimene chatsala chigwire ntchito

Mu 2020 a WHO adalemba poyera kuti akulu aulumali nawonso alimbitse thupi mphindi 150 pa mlungu monga angathere, ndipo kuti pang'ono mpabwino kuposa kusachita konse. Wokhala pampando angathe kukweza mabotolo a madzi, kukoka mphira wa tchubu womangirira pa mzati, kudzinyamula ndi manja pa chikuku, kutokosa chimanga, kusenda mtedza, kuomba m'manja ndi kuyendetsa mapewa pa nyimbo. Mphindi khumi m'mawa, khumi madzulo. Zimenezi sizidzasungunula mafuta ambiri, koma zimasunga minofu ndi kutsitsa shuga. Za masewero oyenera nthenda iliyonse kafunseni a mafizo ku Gulupu kapena ku Kachere, pafupi pomwepo, kumene kudadziwika ndi ntchito ya bungwe la MAP limene lidayamba mu 1979 pothandiza opuwala ndi poliyo. Ndiponso chizolowezi chomchitira wodwala zonse, kumdyetsa, kumveka, kumsambitsa kumaso pamene dzanja limodzi lili lamoyo, chimaoneka ngati chifundo koma chimamfooketsa.

Wosatha kuima sakwera pa sikelo. Tengani chingwe, mumzungulize pa mchombo atagona chagada m'mawa asanadye, mumange mfundo pamene chakumana. Yesaninso pakatha mwezi. Ngakhale kwa oyenda, theka la kilo pa mlungu nlokwanira. Kwa uyu zidzachedwa kuposa apo, ndipo mwezi umene mfundo siinasunthe kupita kutsogolo ndi mwezi wopindula kale. Kuona maso a nkhono nkudekha. Konzekeraninso malilime a anthu. Chiyambire zaka za Edzi, munthu akachepa thupi amanong'onezedwa, ndipo mai wosamalira amanenedwa kuti akumana mwamuna wake nsima. Mphunzitsi wa katekisimu ndi mkulu wa mphakati angathe kuteteza mai wotere ndi mau ochepa chabe pamaso pa achibale.

Za Lenti ndi Ukaristia

Aphunzitsi amafunsidwa kawirikawiri ngati wodwala wonenepa angagwiritse nyengo ya Lenti kuti aonde. Kupunguza chakudya kwa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera ndi ntchito ya kulapa, si mankhwala a thupi. Lamulolo limagwira a zaka 18 kufikira atakwanitsa 59, ndipo odwala sawerengedwamo. Wa matenda a shuga asaliyese nkomwe. Ngati afuna kupereka nsembe yake, aleke shuga wa m'tiyi masiku 40, ndipo mwina pa Pasaka adzapeza kuti lilime laiwala.

Momwemonso ndi ola limodzi losala tisanalandire Ukaristia. Malamulo a Eklezia a mu 1983 amalola okalamba, odwala ndi amene amawasamalira kulandira ngakhale atadya kanthu m'ola limenelo. Chotero wopereka Ukaristia akachedwa m'njira, monga zimachitikira nthawi ya mvula ku Soche kapena ku Chirimba, wodwala adye phala lake ndi kumwa mankhwala pa nthawi yake, osadikira.