Phunziro la Mpamba: Yambani ndi Malonda Amodzi

Werengani 2 Mafumu 4:1-7.

Abale ndi alongo, cilala ca dzinja la 2023/24 cinasiya nkhokwe zathu zopanda kanthu. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca mahekitala pafupifupi 1 miliyoni cinapserera m'minda. Acikulire anakumbuka 1992, caka cimene tinadya cimanga cacikasu. Cakudya ca thandizo cimapulumutsa moyo, koma sicibweza mbuzi, njinga kapena khasu la ng'ombe zimene banja linagulitsa pofuna ufa. Ndiye cifukwa cace mabanja ambiri ayamba timalonda. Phunziro ili ndi la iwo.

Mkazi wamasiye wa m'nkhani yathu anali pa bvuto lalikulu: mwini nkhongole anali kudza kudzatenga ana ace awiri akhale akapolo. Elisa anayamba ndi kumfunsa cimene cinatsala m'nyumba, ndipo cinali kamtsuko ka mafuta. Taonani cimene anakabwereka kwa anansi. Anabwereka zotengera zopanda kanthu, sanabwereke ndalama. Anchito ace anali ana ace omwe. Katundu wace anali wa mtundu umodzi. Mafuta atalekeka, mneneri anamuuza kuti agulitse, alipe nkhongole, ndipo zotsalazo adye ndi ana ace. Kucuruka kwa mafuta kunali cozizwitsa ca Mulungu, ndipo ife sitilonjeza munthu cozizwitsa. Koma dongosolo la nchito yace lingatsatidwe ndi ali yense.

Ife anchito a cithandizo tinalakwapo pa nkhani imeneyi. Gulu lina la amai litalandira mpamba, linaugawa pasanu: nkhuku, salaula, vitumbuwa, kantemba ka sopo ndi mcere, ndi dimba. Tinaombera m'manja poganiza kuti cina cikagwa cina cidzaimirira. Patapita miyezi inai, ndalama za vitumbuwa zinali kugula cakudya ca nkhuku, za salaula zinali kudzaza kantemba, ndipo msungicuma, mai wokhulupirika ndithu, sanathe kunena kuti phindu likucokera kuti. Anayamba kukaikirana, ena analeka kukhala benchi imodzi m'chalichi. Palibe anaba. Akulu anati ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada, ndipo nthambi zimenezo tinamuonetsa pusiyo ndife.

Ubwino woyamba wa malonda amodzi ndi wakuti mutha kuwawerenga. Tiyerekeze mai wagula bokosi la matimati pa K250. Galimoto yatenga K30, msonkho wa pamsika K10. Zonse pamodzi K290. M'bokosimo mwaturuka milu 80 ya K5, ndiye kuti K400. Ambiri amaima pomwepa nati apindula K110. Koma milu 10 yapita m'kuola ndi m'mbasela, kwatsala K350, phindu K60. Mlamu ndi anansi atenga milu 8 pa nkhongole, K40. M'manja mwatsala phindu la K20. Madzulo mai atapa K50 ya kapenta. M'mawa afika kwa mlimi ali ndi K260, ndipo sangathe kugula bokosi ndi kulifikitsa kumsika. Mpamba wadyedwa tsiku limodzi popanda wakuba. Ngati kuwerenga kwa katundu mmodzi kuli cotere, nanga wa mitundu isanu?

Cotero cida cacikulu ndi kabuku ka sukulu ndi pensulo, ndi zitini ziwiri. Citini cina ca mpamba, cina ca phindu. Ca mpamba sicitsegulidwa cifukwa ca ndiwo, ngakhale kwabwera alendo. Amene sadziwa kulemba apemphe mwana wa sukulu alembe madzulo ali onse: zogula, zogulitsa, zoonongeka, ndi maina a otenga pa nkhongole. Tikudziwa kuti kukana mbale wako nkobvuta, makamaka m'caka ca njala. Ngati mufuna kumthandiza, mpatseni mulu umodzi ngati mphatso kucokera pa phindu, ndipo mulembe kuti ndi mphatso. Izi ziposa nkhongole imene nonse awiri mudziwa kuti siidzabwezedwa.

Caka ca 2024 cinatiphunzitsanso za makina. Madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri, m'malo ena kufikira 21 pa tsiku. Amene anatenga kaloba kuti agule firiji kapena makina ometera tsitsi anangokhala, koma kaloba sanazime pamodzi ndi magetsi. Tinaona anthu okongola K100 akubweza K150 pakutha mwezi. Wokazinga nshawa pa mbaula anadandaula za mtengo wa makala, komabe anagulitsa tsiku liri lonse. Sitikunena kuti makina ndi oipa. Cigayo ndi cuma. Koma makina amadza ndi zofuna zace: mafuta kapena magetsi, zitsulo zosinthira, ndi mmisiri amene mwina akhala ku Chipata kapena ku Lusaka. Musanagule, funsani kuti akafa adzakonza ndani, ndipo mudzalipira ndi ciani pa masiku amene aima.

Nanga malonda akule liti? Cizindikiro ndi ici: katundu akutha dzuwa lisanapendeke, ndipo anthu akubwerera cimanjamanja sabata ndi sabata. Pamenepo onjezerani katundu yemweyo, bokosi limodzi likhale awiri. Amai ogulitsa nthoci m'mbali mwa mseu ku Nyimba adziwika ndi apaulendo onse cifukwa ca cinthu cimodzi, ndipo wokwera basi amakonzeratu ndalama asanafike. Malonda aciwiri ayambe pamene citini ca phindu, kapena ndalama ya cilimba, citha kuwagula popanda kukhudza mpamba woyamba.

Wina angafunse kuti, bwanji matimati akadzaza pamsika mtengo nugwa? Funso labwino. Kugwira cinthu cimodzi sikutanthauza kuuma mutu. Nyengo ikasintha, tsekani buku la matimati, werengani mpamba wonse, ndipo mutsegule tsamba latsopano la nshawa kapena kandolo. Cimene tiletsa ndi kuponya ndalama zonse m'thumba limodzi la citenje.

Pa msonkhano wotsatira wa Cigwirizano kapena wa gulu lanu, ali yense adze ndi kabuku kace ka masiku 14. Mkulu wa mpingo kapena mtumiki akhale pamodzi nanu, koma asadzudzule munthu pa gulu. Werengani awiri awiri, ndipo ali yense ayankhe mnzace funso limodzi: mpamba umene munayamba nawo, lero ulipo wonse kodi?